Kamera ya M'thumba Yodina Pagalasi: Malangizo kwa Ojambula a M'maparishi Mwathu

Mwezi uliwonse ku ofesi yathu yokonza nkhani kumafika zithunzi zochokera m'maparishi ndi m'matchalitchi a nthambi a m'maboma a Machinga ndi Balaka. Zina ndi za ubatizo, zina za ulimbitso, zina za maukwati, pamene zina ndi za mjigo watsopano kapena denga la sukulu limene lasasuka ndi mphepo. Timathokoza kwambiri akatekisi ndi akhristu amene amadzipereka kutitumizira zithunzi zimenezi. Komabe tiyenera kunena mosabisa kuti zambiri mwa izo timalephera kuzigwiritsa ntchito. Pena nkhope za anthu zimakhala zitada bii, pena chithunzi chonse chimakhala cha mbuu ngati chajambulidwa mu nkhungu, ndipo kawirikawiri sipakhala dzina la munthu ngakhale mmodzi kapena tsiku limene mwambo unachitika.

Nthawi zambiri kamera imakhala ilibe vuto, koma mwini wake sanapeze womulongosolera kagwiritsidwe ntchito kake. Makamera ambiri amene ali m'manja mwa anthu kuno anabwera ndi abale ochokera ku Joni, ena anagulidwa pa kaunjika, ndipo ena anasiyidwa ndi alendo ngati mphatso, opanda kabuku kake ka malangizo. Tsono nkhani ino yalembedwa kuti ithandize munthu wamba amene ali ndi kamera yaing'ono yolowa m'thumba, makamaka ya mtundu uja wodina pagalasi ndi chala. Amene amajambulira foni asaganize kuti nkhaniyi siikuwakhudza, pakuti malangizo ambiri ndi amodzimodzi.

Kumene kamera imeneyi inachokera

Akuluakulu akukumbukira nthawi ya filimu, pamene wojambula ankabwera pa njinga, nkujambula, nkupita kukatsukitsa zithunzi ku tauni, ife nkudikira sabata ziwiri osadziwa ngati tatuluka bwino kapena ayi. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36 basi, motero munthu ankaganiza kawiri asanadine.

Kamera yoyamba yosafuna filimu inapangidwa m'chaka cha 1975 ndi katswiri wina wa kampani ya Kodak ku America, dzina lake Steven Sasson. Inkalemera makilogalamu 3.6 ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Patapita zaka pafupifupi 25, makamera otere anachepa msinkhu ndi mtengo womwe, mpaka anayamba kupezeka m'manja mwa anthu wamba. Cha m'ma 2005 kunabwera makamera okhala ndi galasi lalikulu kumbuyo limene munthu amalikhudza ndi chala m'malo modina mabatani ambirimbiri. Ena mwa iwo ndi Sony Cyber-shot DSC-N1 ya 2005, Nikon Coolpix S60 ya 2008 ndi Canon IXUS 200 IS ya 2009.

Malonda a makamera anafika pachimake mu 2010, pamene makampani amene ali m'bungwe la opanga makamera la ku Japan lotchedwa CIPA anatumiza pamsika makamera opitirira 120 miliyoni. Kenaka mafoni ojambula bwino anawalanda msika, kotero kuti pofika 2023 chiwerengerocho chinatsika kufika pansi pa 8 miliyoni. Nchifukwa chake makamera ang'onoang'ono ambiri amene tikuwaona lero ndi akale ndithu. Koma kukalamba sikutha ntchito. Kamera yotere imaposa mafoni ambiri otsika mtengo pa zinthu zitatu: diso lake limatha kukoka chinthu chakutali popanda kuononga chithunzi, fulashi yake ndi yamphamvu, ndiponso siilira pakati pa mwambo chifukwa palibe angaimbirepo.

Mmene imagwirira ntchito

Kutsogolo kwa kamera kuli lenzi, limene tingalitchule kuti diso la kamera. Kuwala kukalowa pa disolo kumagwera pa kachipangizo kakang'ono, kochepera chikhadabo cha chala chaching'ono, kamene kali ndi timadontho mamiliyoni ambiri tomva kuwala. Timadontho miliyoni imodzi ndiye megapixel imodzi. Kakompyuta ka m'kati kamasonkhanitsa zimene timadonthoto taona nkupanga chithunzi, chimene chimasungidwa pa memori khadi.

Ogulitsa amakonda kutamanda kuchuluka kwa ma megapixel, koma tisanyengeke nazo, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chithunzi cha kukula ngati positi khadi, cha masentimita 10 ndi 15, chimangofuna ma megapixel awiri kuti chituluke bwino pa pepala. Chodzaza pepala lonse la A4 chimafuna pafupifupi 9. Choncho kamera ya ma megapixel 10 kapena 12 ndi yokwanira pa ntchito iliyonse ya pa parishi.

Magalasi odina ndi chala alipo a mitundu iwiri. Makamera ambiri akale ali ndi galasi limene limamva likasindikizidwa pang'ono, ndipo limayankha ngakhale mutagwiritsa ntchito chikhadabo kapena kandodo kapulasitiki kamene kankabwera ndi kamerayo. Atsopano ali ndi galasi longa la foni, limene limamva mphamvu ya magetsi ya m'khungu la chala. Galasi lotere limasokonezeka chala chikakhala chonyowa ndi thukuta kapena madzi. Ngati kamera yanu ikukana kumva, musalimbane nayo ndi mphamvu kapena kuibaya ndi cholembera. Pukutani chala ndi galasi lomwe, nkuyesanso.

Zoyenera kuchita musanapite kokajambula

Choyamba, konzani tsiku ndi nthawi. Kamera imalemba tsiku mobisika m'kati mwa chithunzi chilichonse, ndipo batire likachotsedwa kwa nthawi yaitali imabwerera ku chaka chimene inapangidwa. Timalandira zithunzi za chaka chino zimene zikunena kuti zinajambulidwa pa 1 January 2009. Izi zingaoneke zazing'ono, koma amene anajambula nyumba zogwa ndi minda yokokoloka pa nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 akudziwa kuti chithunzi chokhala ndi tsiku lolondola ndi umboni wamphamvu pamene mukupempha chithandizo. Koma chidindo chija cholemba tsiku ndi manambala achikasu pakona pa chithunzi muchizimitse, chifukwa sichifufutika ndipo chimaipitsa chithunzi posindikiza.

Chachiwiri, sankhani kukula kwa chithunzi kwapamwamba kwambiri, kumene kawirikawiri kumalembedwa ndi chilembo L. Anthu ena amasankha kakang'ono pofuna kuti khadi lisadzaze msanga, koma chithunzi chaching'ono sichingakulitsidwenso. Khadi la 16 GB limasunga zithunzi zopitirira 3,000 za kamera ya ma megapixel 12.

Chachitatu, dziwani khadi limene kamera yanu imalandira. Makhadi olembedwa SD amalekezera pa 2 GB, olembedwa SDHC amafika 32 GB, ndipo olembedwa SDXC ndi opitirira pamenepo. Kamera yopangidwa chisanafike chaka cha 2010 kawirikawiri siiwerenga SDXC, choncho kugula khadi la 64 GB kungakhale kutaya ndalama. Chenjeraninso ndi makhadi achinyengo otsika mtengo modabwitsa. Amalembedwa kukula kumene alibe, ndipo akadzaza amaononga zithunzi mwakachetechete. Khadi latsopano muliyese kaye kunyumba lisanapite ku ukwati wa munthu.

Chachinayi, tchajani batire dzulo lake, osadikira m'mawa wa tsiku la mwambo, poti magetsi sapangana ndi munthu. Galasi la kumbuyo ndilo limadya batire kuposa china chilichonse. Chizolowezi choonetsa gulu lonse chithunzi chilichonse mukangojambula ndicho chimathetsa moto mwambo usanafike pakati.

Kagwiridwe ndi kadinidwe

Zithunzi zambiri za mbuu zimabwera chifukwa cha kugwedezeka kwa manja. Kamera yaing'ono ndi yopepuka, ndipo munthu amayesedwa kuigwira ndi dzanja limodzi atatambasula mkono. Gwirani ndi manja awiri, zigongono zitakhudza nthiti, miyendo itatalikirana pang'ono. Kachingwe kake kakhale pamkono nthawi zonse, pakuti makamera amenewa akagwa diso lili kunja sakonzeka kawirikawiri. Onetsetsaninso kuti chala sichinatseke diso kapena fulashi.

Batani lojambulira lili ndi masitepe awiri, ndipo ichi ndi chinsinsi chimene ambiri sachidziwa. Mukalidina theka, kamera imayeza mtunda ndi kuwala, kenaka imaonetsa kabokosi kobiriwira kapena kulira pang'ono. Pamenepo ndi pamene mumatsiriza kudina mofatsa. Amene amadina kamodzi mwamphamvu amajambula kamera isanakonzeke. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ubwino waukulu wa galasi lodina ndi chala ndi wakuti mumatha kuiuza kamera chimene mukufuna kuti chioneke bwino. Mukaisiya kuti isankhe yokha, ikhoza kusankha duwa la patsogolo kapena khoma la kumbuyo. Khudzani nkhope ya munthu pagalasi, ndipo kabokosi kadzakhala pamenepo. Makamera ena amajambula nthawi yomweyo mukangokhudza galasi. Njira imeneyi ndi yachangu, koma imagwedeza kamera, ndiponso imadzaza khadi ndi zithunzi za mapazi ndi denga. Ndi bwino kuizimitsa ndi kugwiritsa ntchito batani.

Kwa munthu amene akuyamba kumene, chizindikiro cha Auto ndi chokwanira. Akazolowera asunthire pa chilembo P, pamene kamera imachitabe zambiri yokha koma imalola mwini wake kulamula fulashi ndi kuchuluka kwa kuwala.

Nkhani ya kuwala

Kujambula konse ndi nkhani ya kuwala. Kamera ilibe nzeru zodziwa chimene chili chofunika pa chithunzi. Imangoyeza kuwala konse pamodzi nkufuna kuti kukhale kwapakatikati. Ikaona zowala zambiri imachepetsa kuwala pa chithunzi chonse, ndipo zimene zinali zoderapo zimada kotheratu.

Apa ndi pamene pagona vuto la zithunzi za Ukaristia woyamba ndi za maukwati. Ana makumi anayi ovala zoyera akaima pamodzi pa dzuwa, kamera imaona kuyera kokhakokha, ndipo nkhope zawo zimasowa. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kukhudza nkhope pagalasi, chifukwa makamera ambiri amayeza kuwala pamalo pamene mwakhudza. Yachiwiri ndi kufufuza chizindikiro chokhala ndi + ndi -, nkuchikweza kufika pa +0.7 kapena +1. Mukatha mubwezere pa 0, kuopa kuti zithunzi zotsatira zingayere mopitirira.

Musaimike munthu kutsogolo kwa windo kapena khomo lowala. Wojambula ndiye aime kumbali ya windo, kuti kuwala kugwere pa nkhope ya wojambulidwa. Ngati simungathe kusuntha, yatsani fulashi mokakamiza ngakhale kuli masana, bola munthuyo akhale pafupi.

Dzuwa la masana la ku Balaka, ku Ulongwe kapena ku Liwonde limagwera pamutu penipeni, nkuchititsa mithunzi yakuda m'maso ndi pansi pa mphuno, anthu nkumatsinzina. Tsoka ilo, imeneyi ndiyo nthawi imene miyambo yathu yambiri imatha. Pitani ndi gulu pamthunzi wa khonde kapena wa mtengo wa mango wa masamba ogwirana, ndipo onse akhale mumthunzi, osati ena padzuwa ena mumthunzi. Nthawi yabwino koposa yojambula panja ndi m'mawa isanakwane 9 koloko, kapena madzulo kuyambira 4 koloko.

Fulashi ya kamera yaing'ono imafika mamita atatu kapena anayi basi. Munthu amene ali kumbuyo kwa tchalitchi nkumathwanimitsa fulashi pofuna kujambula za kuguwa amangowalitsa mitu ya amene akhala patsogolo pake. M'malo amdima kamera imatsegula diso lake kwa nthawi yotalikirapo, ndipo chilichonse choyenda chimatuluka ngati utsi. Mungakweze nambala ya ISO kufika pa 400 kapena 800 kuti kamera imve kuwala msanga, koma mukapitirira pamenepo chithunzi chimadzaza timadontho ngati mchenga. Tsamirani chipilala kapena ikani kamera pa benchi, ndipo ngati mukujambula ana ovina dikirani kamphindi kamene amaima asanatembenuke.

Kukoka zakutali ndi kakonzedwe ka chithunzi

Zoom ilipo ya mitundu iwiri. Yeniyeni ndi imene diso la kamera limasuntha, ndipo chithunzi sichionongeka. Inayo, yotchedwa digital zoom, imangodula pakati pa chithunzi nkupakulitsa, ndipo zotsatira zake ndi mbuu. Ndi bwino kuizimitsa mu menu. Kumbukiraninso kuti mukakoka kwambiri, kugwedezeka kwa manja kumakulanso. Pamene nkotheka, yendani ndi miyendo yanu kufika pafupi. Pamene simuyenera kutero ndi pa nyama zakutchire. Ku malo osungira nyama a Liwonde, amene akhala akuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma kuyambira 2015, kuli njovu, ndipo mikango inabwezeretsedwako mu 2018. Mu Shire muli mvuu ndi ng'ona. Kumeneko zoom ndiye bwenzi lanu.

Cholakwa chofala ndi kuima kutali kwambiri, kotero kuti munthu amaoneka ngati nyerere pakati pa bwalo. Yandikirani mpaka chimene mukufuna chidzaze galasi. Musanadine, yendetsani maso m'makona onse anayi. Kodi palibe mtengo umene ukuoneka ngati wamera pamutu pa munthu? Kodi mapazi kapena mutu sizinadulidwe? Ana ajambuleni mutagwada kuti kamera ifanane ndi maso awo. Gulu lalikulu liikeni m'mizere itatu, ena atakhala, ena atagwada, ena ataima, ndipo jambulani katatu chifukwa pagulu sipalephera wophethira. Ngati nanunso mukufuna kukhalapo, kamera ili ndi nthawi yodikira ya masekondi 10.

Pa nyuzipepala, chithunzi cha anthu akugwira ntchito chimalankhula kuposa cha anthu oima pamzere ngati asilikali. Amayi akuumba njerwa za tchalitchi, achinyamata akubzala mitengo, kapena agogo akulandira chimanga kuchokera ku mphakati, zimenezi ndi zimene wowerenga amaima nkuyang'ana.

Kujambula pa nthawi ya Misa

Eklezia sakana zipangizo zofalitsira nkhani. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha Inter Mirifica pa 4 December 1963 cholimbikitsa kuzigwiritsa ntchito bwino, ndipo kuno kwathu tili ndi Montfort Media ndi Luntha TV ku Balaka, komanso Radio Maria ku Mangochi. Koma malangizo a Eucharisticum Mysterium a mu 1967 anachenjeza kuti kujambula zithunzi kusasokoneze mwambo wa Misa, ndipo kuti pamene pali chifukwa chokwanira chojambulira, zichitike mosamala ndi motsata zimene episkopi wa dera walamula. Malemu Papa Francis nawonso, pa 8 November 2017, anadandaula poona mafoni ochuluka atakwezedwa m'mwamba pa nthawi ya Misa, ndipo ananena kuti ansembe ndi maepiskopi ena amachita nawo zimenezi.

Motero kaonaneni ndi bambo mfumu kapena mkatekisi mwambo usanayambe. Ndi bwino kuti komiti isankhe wojambula mmodzi kapena awiri amene adzagawire mabanja onse zithunzi, kusiyana ndi kuti makolo makumi atatu athamangire kuguwa nthawi imodzi. Zimitsani kulira kwa kamera ndi fulashi. Musakwere kuguwa, musadutse pakati pa wansembe ndi anthu, ndipo pa nthawi yopatulitsa kamera itsike. Zithunzi za mabanja zijambulidwe Misa itatha.

Ulemu ndi chitetezo cha wojambulidwa

Nkhope ya munthu ndi yake. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa munthu wosunga zinsinsi zake. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa intaneti, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limafuna chilolezo cha kholo kapena womulera pa zokhudza mwana. Kuyambira 2017 malamulo athu amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Koma ngakhale malamulowa akanapanda kukhalapo, ulemu wokha ukanatiuza kuti tizipempha. Safunsa anadya phula.

Kulola kujambulidwa sikutanthauza kulola kuikidwa pa Facebook. Muuzeni munthu kumene chithunzi chake chikupita. Odwala, ovulala pa ngozi, amaliro ndi osauka amene akulandira chithandizo asajambulidwe mowachotsera ulemu. Dzifunseni ngati mukanakondwa mayi anu atajambulidwa chomwecho. Tikukhala pamodzi ndi abale athu achisilamu ndi a mipingo ina, choncho pa mzikiti, pa maliro awo, kapena pafupi ndi ndagala ndi malo ena a chinamwali, kamera isatuluke m'thumba eni ake asanalole. Chimodzimodzinso pa malo a asilikali, a polisi ndi a ndende.

Pali chinthu china chimene chikukhudza moyo weniweni. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 dziko lino linaona kubedwa ndi kuphedwa kwa anthu achialubino, ndipo Machinga linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Chithunzi cha mwana wachialubino chimene chikuonetsa dzina lake, mudzi wake, kapena sukulu imene amapitako chikhoza kufika m'manja mwa munthu wa zolinga zoipa, ngakhale wojambulayo anali ndi mtima wabwino. Mafoni ndi makamera ena okhala ndi GPS amalembanso mobisika malo enieni pamene chithunzi chinajambulidwa. Zimitsani zimenezi pojambula ana, ndipo musafalitse chilichonse chosonyeza kumene mwana amagona. Chithunzi chikalowa pa intaneti sichibwezeka, monga madzi akatayika saoleka.

Kusamala kamera

Makamera ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito pa kutentha kosapitirira madigiri 40. M'miyezi ya October ndi November kuno kumatentha kwambiri, ndipo m'galimoto yotseka mawindo kutentha kumapitirira pamenepo. Kutentha kumafooketsa batire. Batire likayamba kufufuma lisiyeni, ndipo musaliponye pamoto chifukwa limaphulika. Magetsi akazima chotsani tchaja pakhoma, pakuti pobwera nthawi zina amabwera mwamphamvu. Ngati kamera ikhala miyezi osagwira ntchito, chotsani batire lili ndi moto wa theka.

Fumbi ndi mchenga ndi adani a diso limene limatuluka ndi kulowa. Kamchenga kamodzi kokha kakhoza kulimanga kuti lisayendenso. Poyenda pa kabaza m'misewu yafumbi ya ku Ntaja, ku Nsanama kapena ku Utale, ikani kamera m'kachikwama kake, kenaka m'jumbo. Popukuta diso, yambani mwauzira fumbi, kenaka pukutani mofatsa ndi kansalu kofewa kopukutira magalasi a m'maso, osati malaya kapena chitenje. M'nyengo ya dzinja chinyezi chimameretsa nguwi m'kati mwa diso, choncho sungani kamera pamalo ouma pamodzi ndi timapaketi tija toyamwa chinyezi timene timapezeka m'mabokosi a nsapato. Ikanyowa musaiyatse. Chotsani batire ndi khadi, nkuisiya iume kwa masiku angapo.

Kusunga ndi kutumiza zithunzi

Chaka china mkatekisi wina anabwera kwa ine ali wokhumudwa kwambiri. Pa khadi lake limodzi panali zithunzi za zaka zinayi, kuphatikizapo za ukwati wa mwana wake ndi chithunzi chomaliza cha malemu akazi ake. Anapita nalo pa malo ena otsukira zithunzi, ndipo pobwerako kamera inati palibe chithunzi. Mnzake wina pofuna kuthandiza anachita Format, iye nkupitiriza kujambulirapo kwa mwezi wathunthu. Pamene ankafika kwa ine panalibenso chopulumutsa.

Tiphunzirepo zinthu zitatu. Choyamba, m'mbali mwa khadi la SD muli kabatani kakang'ono kolembedwa Lock. Katsitseni musanalowetse khadi mu kompyuta ya eni, kuti vairasi isalembepo kanthu. Chachiwiri, zithunzi zikasowa musachite Format ndipo musajambulirenso pa khadilo. Vairasi yofala kwambiri imangobisa zithunzi osazifufuta, ndipo ngakhale zofufutidwa zimakhalapobe mpaka zatsopano zitalembedwa pamwamba pake, kotero kuti wodziwa kompyuta akhoza kuzibweza. Chachitatu, khadi si nkhokwe. Chithunzi chofunika chikhale m'malo atatu: pa kompyuta, pa chosungira china chimene chili m'nyumba ina, ndiponso pa pepala. Mukatsimikiza kuti zonse zasungidwa, pamenepo mukhoza kuchita Format, ndipo muchitire mu kamera momwemo osati pa kompyuta.

Potumiza zithunzi kwa ife kudzera pa WhatsApp, zitumizeni ngati Document. Mukazitumiza mwa njira ya masiku onse, WhatsApp imazichepetsa, ndipo posindikiza zimatuluka zosaoneka bwino. Sankhani zitatu kapena zisanu zabwino koposa, osati makumi asanu. Musazikongoletse ndi mafelemu, maluwa kapena mawu, ndipo musaonjezere kapena kuchotsa munthu ndi mapulogalamu a makono, chifukwa chithunzi cha nkhani ndi umboni. Chithunzi chilichonse chibwere ndi mayankho a mafunso anayi: ndani, akuchita chiyani, kuti, ndipo liti. Maina alembedwe kuyambira kumanzere kupita kumanja. Tiuzeninso dzina la wojambula, pakuti lamulo la Copyright Act la 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, limateteza zithunzi ngati ntchito ya mwini wake. Chithunzi cha munthu wina musachitumize ngati chanu.

M'maofesi a maparishi athu akale muli makatoni a zithunzi za zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Mumaoneka akatekisi, aphunzitsi ndi amayi amene anasenza miyala yomangira matchalitchi amene tikupempheramo lero, koma kumbuyo kwa zambiri mwa izo sikunalembedwe kanthu, ndipo amene akanawazindikira akutha mmodzimmodzi. Tikupempha akatekisi kuti atenge zithunzi zoterezi, akhale pansi ndi agogo a m'mphakati mwawo, ndi kulemba maina ndi pensulo kumbuyo kwake nthawi ikadalipo. Pa zithunzi zimene mujambule Lamulungu likudzali, maina alembedwe tsiku lomwelo.